Otsala pa Ploti ya Pangodya

Ponyanimo chikuni china mu uvunimo, njerwa sizipsa ndi nkhani. Mwati maziko mukumba Lolemba? Chabwino. Koma musanagwire khasu ndimvereni kaye ine Fanuwelo Kachingwe, amene ndidatha zaka khumi ndi zinayi mu ofesi ya maploti kuno ku Kamphinda. Ine sindine munthu wa zamizimu. Ndine munthu wa tepi yoyezera ndi mabikoni, timiyala tasimenti tija timazika m'malire. Chimene sindidachiyeze sindichikhulupirira msanga, ndipo khalidwe limeneli lidatsala pang'ono kundiphera mwana.

Inu mwabwera dzana, mwapeza misewu, magetsi ndi mabala. Kuno kudali mudzi. Koma Lilongwe amayanga ngati dzungu, ukagona uli kumudzi umadzuka uli m'tauni. Akuluakulu atadula dera lino kuti likhale la maploti, adatimangira kaofesi ka zipinda zitatu, mbendera panja ndi benchi limodzi la anthu odikira. Ntchito yanga idali yosandutsa minda kukhala manambala.

Pakati pa dera padali msitu wa manda a mudzi wakale, ndipo pamapu msewu waukulu unkadutsa pomwepo. Adandituma ine kuti ndiyendetse zosamutsa mandawo kupita kutsidya kwa dambo. Musaganize kuti tidachita mwachipongwe ayi. Tidaitanitsa msonkhano, kudabwera akuluakulu a mabanja ndi adzukulu okumba manda. Amayi adali poteropo, akuphikira anthu. Tili mkati mokambirana, mayi wina wamtali adayandikira n'kugwada chapatali, akuti ali ndi mawu. Ine, cholembera kukhutu, ndidamuyankha ndisadamuyang'ane n'komwe.

"Mayi, nkhani za manda ndi za abambo. Pitani mukathandize anzanu uko."

Adadzuka, adasasa maondo, adapita.

Abambo aja adayenda nane mtumbira ndi mtumbira, akutchula dzina, ine ndikulemba. Ntchito idatenga masabata awiri. Tsiku lomaliza ndidafunsa katatu konse kuti, "Atha onse?" Katatu konse adati atha. Ndidasaina, bwana adadinda chidindo, geleda idalowa.

Maploti a mkati mwa msitu uja anthu ankawazemba. Koma kunja kwake, chakumadzulo, padali chulu chachikulu, pansi pake pali kamalo ka thengo kopanda mtumbira ngakhale umodzi. Geleda itasalaza chulucho padatuluka ploti yabwino ya pangodya, misewu mbali ziwiri. Tepi yanga yomwe idandiuza kuti malowo ali kunja kwa manda ndi mamita khumi ndi awiri. Ndidadziona wochenjera kuposa tauni yonse, ndipo ndidaitenga. Tidamanga kanyumba, tidalowamo mkazi wanga Etinala ali ndi pathupi. Mu Juni adabadwa Sungeni, kamwana konenepa, kolira ngati kali ndi mlandu ndi munthu.

Zidayamba ndi matewera. Etinala ankayanika asanu ndi limodzi, pokanula n'kupeza asanu. Mawa lake chimodzimodzi. Zitenje, malaya anga akuntchito, zonse zinkatsala pachingwe, kusowa thewera lokha. Ine ndidati kuno n'kutauni, anthu amaba ndi zopanda pake zomwe. Ndidamanga mpanda wa udzu. Matewera adapitiriza kusowa.

Kenako madzi. Akasambitsa mwana m'beseni n'kulisiya pang'ono kuti amuveke, pobwerera ankapeza madziwo afiira ngati wina watsukiramo khasu. Ndidati ndi fumbi la msewu. Etinala sadanditsutse, adangoyamba kuwasiya dala madziwo kwa kanthawi asanawataye. Ndidaziona zimenezi koma sindidafunse.

Loweruka lina masana ndili pakhonde ndikukonza tcheni cha njinga, ndidamva mwana akulira kuseri kwa nyumba, chakuchipinda chathu chogona. Kulira kwake kudali kochepa, kosasa, kotha mpweya. Ndidakuwa kuti, "Amake Sungeni, mwana uko!" Etinala adatulukira kukhitchini, Sungeni ali kumsana, ali mtulo tofa nato. Tidayang'anana. Kuseri kuja kudangoti zii.

"Ndi amphaka," ndidatero ine.

"Ee, amphaka," adatero iye, n'kubwerera kukhitchini.

Zonsezi ndikadatha kukhala nazo mpaka lero. Chimene chidandilowetsa mantha ndi khadi la kusikelo. Mwezi woyamba mzere wa kulemera kwa mwana udakwera. Wachiwiri udaima. Wachitatu udayamba kutsika. Anesi adamukalipira Etinala pamaso pa anthu kuti amayi amasiku ano amakana kuyamwitsa poopa kuti mabere agwa. Chonsecho mkazi wanga ankakhalira kuyamwitsa, ndipo ankadya bwino, ndinkaonetsetsa ndekha. Koma ikafika nthawi ya madzulo mabere ake ankakhala opanda kanthu, Sungeni akukoka, kusiya, kulira, kukokanso. Mkaka wa m'chitini ankalavula. Kuchipatala adamuyeza malungo, adamuyeza magazi, adamuyeza chifuwa, osapeza kanthu. Timiyendo tija tidasanduka timitengo, khungu likuchita makwinya pamatako. Ngakhale kulira kwaukali kuja kudatha. Ndinkapita kuntchito mtima uli m'malere, ndikuopa kuti foni ikalira ndimva zotani.

Masiku omwewo ndidayamba kukumana ndi amayi ena achilendo. Ndinkabwerera kunyumba masana kudzaona mwana, dzuwa lili paliwombo, msewu uli mbee. Pa msewu wochokera kudambo ndinkapeza amayi anayi, tsiku lina asanu, akuyenda mondondozana, opanda nsapato. Aliyense adamanga nsalu kumsana monga amachitira wobereka mwana, koma nsaluzo zidali lende, mopanda kanthu. Ndinkaliza belu, ndinkapereka moni.

"Mwaswera bwanji amayi?"

Palibe ankayankha. Nkhope zawo musandifunse. Ndikachokera ku ofesi ndinkawaona kumsana. Tsiku lina ndidazungulira dala kuti ndikumane nawo maso ndi maso, ndipo ndidawaonabe kumsana. Akafika pangodya pa mpanda wanga ankaima, mitu itapendekera kukhoma la chipinda chathu. Ndikatsika panjinga n'kuitsamiritsa, potembenuka ndinkapeza msewu wokhawokha.

Sindidauze munthu. Koma akabaza a pa siteji adasiya kulola ulendo wa kudambo nthawi ya masana. Mmodzi adandiuza kuti adanyamulapo mayi wina kumeneko, wopepuka ngati wanyamula thumba la masamba ouma. Mayiyo adangoti, "Mukanditsitse pachulu." Wakabazayo ndi wobwera, adayankha kuti kuno kulibe chulu. Atacheuka, pakaliyala padalibe munthu, ndipo adali pakhomo panga.

Amene adanditsegula maso ndi mayi Nankhoma, amene ankaswa miyala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mjigo. Ndinkawadutsa tsiku ndi tsiku osawazindikira. Lachitatu lina adandiitana osasiya kumenya mwala.

"A Kachingwe! Mwana akupeza bwanji?"

Ndidaima. Nditawayang'anitsitsa ndidakumbuka mayi wamtali wa pamsonkhano uja, ndipo manyazi adandigwira.

"Sali bwino, mayi. Achipatala sakupeza matenda."

"Angawapeze bwanji? Mwana alibe matenda, akulandidwa chakudya." Adaika hamala pansi. "Paja mudati manda mudasamutsa onse?"

"Onse. Ndidawerenga ndekha."

"Mudafunsa ndani?"

"Akuluakulu. Adzukulu. Eni ake enieni."

Adaseka, koma sikudali kuseka kokondwa.

"Eni ake! Abambo inu mumandisangalatsa. Kodi mwana akabadwa wakufa, kapena akangolira kamodzi n'kubwerera, mudaonapo mwamuna akunyamula khasu? Mtayo timakataya ndife amayi, tokhatokha, mbandakucha, opanda bokosi, opanda kulira. Sitikumba mozama, kuopa kumutseka mayiyo kuti asadzaberekenso. Sitiunjika mtumbira. Ndipo sitilowa nawo m'manda mwa akulu, timawagoneka kunja, pamthunzi. Kuno kwathu kudali kutsinde kwa chulu, kuyambira nthawi ya agogo a agogo anga."

Ndidafunsa chopusa, kuti nanga abambo aja sadanene bwanji.

"Anene chimene sadziwa? Mwamuna amangouzidwa kuti zalephereka, iye n'kuti pepani, basi. Ine ndidabwera kudzakuuzani, mudandituma kukasonkhezera moto. Mudatenga amawo n'kuwawolotsa dambo, ana mudawasiya. Kale adali pafupi, wina akalira amake ankamva. Pano alira kwa ndani? Ndiye inu mwawabweretsera mayi wa mkaka, n'kumugoneka pamwamba pawo penipeni."

"Nanga bwanji simudabwerenso ku ofesi?"

"Kudzagwadanso? Ndidali ndi mkwiyo, a Kachingwe, sindikubisirani. Wanga ali pomwepo, pansi pa bedi lanu. Ndidati musiyeni wanzeruyo aone yekha. Koma dzulo ndamuona mwana wanu kumjigo, ndipo usiku sindidagone. Iye sadalakwire munthu."

Ndidatulutsa kabuku m'thumba, chizolowezi cha ntchito, n'kufunsa kuti alipo angati kuti ndikalembe. Adandiyang'ana mpaka ndidakabweza ndekha.

Ndidayesa njira ya ofesi. Bwana adamvetsera akusewera ndi makiyi a galimoto, kenako adati fayilo ya manda idatsekedwa chaka chatha, ndipo papepala palibe manda otsala. Adawonjeza kuti munthu wophunzira ngati ine ndisamamvere amayi oswa miyala. Sindidakwiye naye, chifukwa ndidamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndidabwerera kwa mayi Nankhoma, ndipo ulendo uno amene adagwada ndine.

Malamulo awo adali achidule. Loweruka m'mawa nditulutse bedi, ndiswe simenti ya m'chipinda ndi ya kuseri kwa khoma, koma dothi ndisaligwire. Ndikatha ndichoke, pamodzi ndi amuna onse a nyumba zoyandikana. Tisabwere mpaka atatiitana.

Aneba ena adang'ung'udza, koma palibe adatsala. Tidakakhala pa siteji ya kabaza, amuna khumi ndi angapo, ngati anthu odikira basi yosabwera. Cha m'ma seveni amayi adadutsa kupita kwathu, atanyamula timakasu tating'ono ndi zitenje zatsopano. Ena adachokera kutali, kumene mabanja awo adasamukira atagulitsa minda. Wina adali ndi yunifomu ya ntchito ya m'sitolo, wina ankayendera ndodo. Ndidawawerenga, poti kuwerenga ndi matenda anga. Adali makumi awiri ndi awiri.

Tidakhala. Wina adayambitsa nkhani ya mpira, idafera m'njira. Bawo lidali pomwepo koma palibe adaligwira. Kunyumba kwanga sikunkamveka nyimbo kapena kulira, ngakhale kugunda kwa khasu. Agalu a m'dera lonse adangoti chete. Ine ndinkangoganiza za Sungeni, amene m'mawa umenewo adalephera ngakhale kugwira bere.

Dzuwa litafika pamutu amayi aja adatulukira. Ankayenda mondondozana kulowera kudambo, mayi Nankhoma patsogolo, aliyense atabereka kamtolo kumsana, ena tiwiri, kena kumsana kena pachifuwa. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwirira kumbuyo, monga muyendera mwana akagona. Akabaza adavula zipewa n'kutembenukira kukhoma la sitolo. Ine ndidayamba kuwerenganso. Nditafika makumi awiri ndi awiri mzere udali usadathe, ndipo amene ankabwera pambuyowo adalibe nsapato. Nsalu zawo sizidalinso lende. Pamenepo ndidasiya kuwerenga n'kuyang'ana pansi, mpaka wakabaza wina adandigwira paphewa kuti adutsa.

Adatiitana cha m'ma folo. Ndidathamanga osakumbuka kuti ndili ndi njinga. M'chipinda mudali timaenje tambirimbiri, tosafika ndi m'bondo momwe, tokwiriridwa kale ndi kutsirapo madzi. Etinala adali pabalaza, pamkeka, atatsamira khoma. Ndisadalowe n'komwe ndidamva phokoso limene ndidali nditaliiwala, mwana akumeza, gwe, gwe, gwe. Mkaka unkachita kutayikira m'mbali mwa kamwa, bere linalo litanyowetsa bulauzi yonse. Ndidakhala pansi pakhomo pomwepo. Sindichita manyazi kunena kuti ndidalira.

Nditapukuta maso ndidaona kuti Etinala nayenso akulira, koma kulira kwake sikudali ngati kwanga.

"Amake Sungeni, zathatu. Taonani mmene akuyamwira."

"Ndikuona."

"Nanga mukulira chiyani?"

Adasisita kamutu ka mwana.

"Ine ndinkadziwa, bambo a Sungeni. Osati za chuluzo ayi. Koma masana aliwonse ndikagona pabedi paja kuti ndiyamwitse, uyu akagwira kumanja, kumanzere kunkabwera kakamwa kena. Kozizira. Kakatha iko kankabwera kena."

Mkwiyo udandikwera.

"Miyezi yonseyi? Osanena? Bwanji simudadzuke, bwanji simudakagone pabalaza? Mwana wathu akadafa!"

"Mukuganiza kuti sindinkaona? Tsiku lililonse ndinkati lero ndikaniza. Ndidayesa kugona pano pamkeka, ndiye tianato tinkalira kuseriko mpaka mutu kundizungulira. Inu mudati ndi amphaka."

"Koma si ana anu amenewo!"

Adandiyang'ana, ndipo ndidadziwa kumene nkhani ikupita iye asadayankhule.

Pali chimene sindidakuuzeni, ndipo sindidachibise dala, ndi mmene ndidazolowerera kuikamba mbiri yanga. Sungeni sadali woyamba. Zaka zinayi m'mbuyo mwake Etinala adapita kwao ku Dedza kukadikira, ine ndili kuno ndi tepi yanga. Ndidalandira uthenga kuti mwana wabwerera. Ndidapita mawa lake ndi shuga ndi sopo, apongozi adandilandira pakhonde, ndidati pepani, Lolemba ndidali pantchito. Sindidafunse ngati adali wamwamuna kapena wamkazi. Ndinkaona ngati kusafunsako ndiko kumusungira mkazi wanga mtima.

"Ndinkati mwina kumene kuli wathu uja nayenso amalira chonchi," adatero Etinala. "Ndinkati ndikawapatsa awa, mwina naye kumeneko wina amupatsa."

Sungeni adasiya bere, adabyukula, adagona mkaka uli pachibwano. Kunja anthu adali atayamba kubwerera m'nyumba zawo, wina adatsegula wailesi. Patapita nthawi ndidafunsa motsitsa mawu.

"Mudamugoneka pati?"

"Zaka zinayi, lero ndiye mwafunsa?"

"Ndafunsa."

"Adali wamwamuna," adatero. "Adali ndi makutu anuwo. Zinazo amuna sauzidwa."

Mwezi wotsatira mzere wa pakhadi udakwera, ndipo anesi omwe aja adamuyamikira Etinala kuti tsopano wamva malangizo. Sungeni pano ali fomu thuu, wamtali kundiposa, wapakamwa ngati amake. Munthu akandifunsa kuti ndili ndi ana angati, ndimati awiri. Akafunsa kuti winayo ali kuti, ndimamuuza kuti akafunse amake, chifukwa ine sindidziwa.